Galimoto Imene Inapangidwira Wantchito Wamba

Pa 17 April 1964, kampani ya Ford ku America inayamba kugulitsa Mustang pa mtengo wa madola 2,368. Zam'kati mwake zambiri zinali za Falcon, galimoto wamba ya banja. Chachilendo chinali maonekedwe ake: kutsogolo kwakutali, kumbuyo kwakufupi, zitseko ziwiri. Lee Iacocca, mkulu wa ku Ford, anazindikira kuti wachinyamata wongoyamba kumene ntchito amalakalaka ulemu pamsewu, ngakhale malipiro ake ali ochepa. Zaka ziwiri zisanathe, Mustang miliyoni imodzi zinali zitapangidwa, ndipo Chevrolet inayankha ndi Camaro mu 1966. Camaro ndi Dodge Challenger zinasiya kupangidwa mu 2023. Mustang idakalipo, koma mtengo wake wamuthawa wantchito uja amene galimotoyo inapangidwira.