Wophwasula Nyumba Amayambira Kudenga

Pali mtundu wa samu umene umakhumudwitsa ngakhale ana odziwa bwino kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Ndi samu ya mawu imene imabisa chiyambi cha nkhani n'kuulula mathero okha. Imafotokoza zonse zimene zinachitikira ndalama, nkhuku kapena matumba a chimanga, imatchula zimene zatsala, kenako imafunsa kuti poyamba zinalipo zingati.

Samu yotereyi inatsala pang'ono kugwetsa mphwayi mtsikana wina wa Sitandade 8, amene ankaleredwa ndi agogo ake aamuna, mphunzitsi wopuma pantchito. Mayeso a PSLCE anali atayandikira, ndipo mwanayo anali atayamba kunena kuti mutu wake si wa masamu. Agogowo ankadziwa kuti mawu otero akamera mizu, mwana amagonja tsiku la mayeso lisanafike. Funso limene linamuliza linali lalifupi: mayi wina anagula chimanga ndi theka la ndalama zake, analipira K2,000 pa minibasi, natsala ndi K3,000. Kodi ananyamuka ndi ndalama zingati?

Mtsikanayo ankayambira pamene chiganizo chayambira, n'kukodwa pa mawu akuti "theka", pakuti sankadziwa kuti ndi theka la ndalama zingati. Agogowo anati, "Mdzukulu wanga, leka kulimbana ndi chimene wabisiridwa. Gwira chimene wapatsidwa m'manja, ubwerere nacho m'mbuyo. Pamene mayiyo anachotsa, iwe uwonjezere. Pamene anagawa, iwe uchulukitse."

Iye anachulukitsa K3,000 kawiri, nawonjezera K2,000, napeza K8,000. M'malo momudzudzula, agogowo anamuuza kuti apereke ndalamazo kwa mayi uja ndi kumuperekeza kumsika. Theka linapita ku chimanga, K2,000 ku minibasi, ndipo panatsala K2,000 yokha. Yankho linadzitsutsa lokha.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Kutembenuza ntchito iliyonse sikokwanira ngati ndondomeko yake sinatembenuzidwe. Womanga nyumba amamalizira kufolera udzu, koma wophwasula amayambira kudenga komweko. Ndalama ya minibasi inatuluka pomalizira, choncho iyenera kubwerera poyamba: K3,000 kuphatikiza K2,000 ndi K5,000. Limeneli ndilo theka lija, ndipo kawiri kake ndi K10,000.

Nzeruyi ndi yakale. Ku India, katswiri wa masamu ndi nyenyezi Aryabhata analemba lamulo lake m'chaka cha 499, kusonyeza kuti pobwerera m'mbuyo kuchulukitsa kumasanduka kugawa, ndipo kuwonkhetsa kumasanduka kuchotsera. M'chaka cha 1202, Leonardo wa ku Pisa m'dziko la Italy, amene ambiri amamudziwa kuti Fibonacci, anaika m'buku lake la Liber Abaci funso la munthu amene anathyola maapozi m'munda wa zipata zisanu ndi ziwiri. Pachipata chilichonse ankapatsa mlonda theka la maapozi amene anali nawo, n'kuwonjezerapo limodzi. Anatuluka ndi limodzi lokha.

Woyambira kumutu angathe tsiku lonse akulosera manambala. Woyambira kumchira amabweza apozi limodzi lija, n'kuchulukitsa kawiri, ndipo amaona kuti munthuyo anafika pachipata chomaliza ali ndi 4. Akabwereza zomwezo pazipata zotsalazo amapeza 10, 22, 46, 94, 190, ndipo potsiriza 382. Mtsikana uja atafika pa nambala imeneyi anafunsa kuti, "Agogo, ndiye kuti alonda aja anatenga 381?" Funsolo linasonyeza kuti tsopano ankaona munthu, munda ndi zipata, kumene kale ankaona manambala okhaokha.

Chimene mphunzitsi wokalambayo ankachidziwa n'chakuti vuto la samu zimenezi limayambira pa kamvedwe ka mawu. Ana ambiri amazolowera kusaka mawu ngati zizindikiro: akaona "analipira" amachotsera, akaona "analandira" amawonkhetsa. Chizolowezi chimenechi chimathandiza pamene funso lapereka chiyambi, koma chimasocheretsa pamene lapereka mathero, pakuti pobwerera, ndalama yolipiridwa imabwezedwa m'thumba. N'chifukwa chake mwana ayenera kuyamba wafotokoza nkhaniyo m'chinenero chimene amaganizira, ngakhale funso litalembedwa m'Chingerezi, ndi kunena momveka chimene chinachitika pomalizira penipeni.

Njirayi ili ndi ubwino winanso kwa mwana amene ali m'chipinda cha mayeso, momwe mulibe womufunsa. Yankho lopezeka pobwerera limatheka kuliyesa poliyendetsanso kutsogolo. Wotenga maapozi 382 n'kudutsa nawo pazipata zonse, akusiya theka ndi limodzi paliponse, akatuluka ndi limodzi m'manja amadziwa yekha kuti wakhoza, asanayembekezere cholembera chofiira cha mphunzitsi.