Kalata kwa Mdzukulu Amene Wasankha Kudyera Luso la Zojambula

Kwa mdzukulu wokondedwa,

Nkhani yakuti mdzukulu wasankha kudyera luso la zojambula ndi zosema yawapeza agogo ake, ndipo ngakhale abale ena akuiona ngati masewera a munthu wothawa ntchito ya muofesi, agogowo akuilandira ngati ntchito yeniyeni, imene imafuna nzeru za mlimi wodziwa kusiyanitsa chimanga chodya ndi chimanga cha mbewu.

Chimanga chodya ndi ntchito yobweretsa ndalama ya lero, monga kulemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, kujambula nkhope za anthu pa oda, ndiponso kukonza zinthu zogulitsa kwa alendo odzaona dziko. Ntchito imeneyi ilibe manyazi, pakuti ndiyo imagula penti ndi kulipira lendi, koma ngozi yake imaonekera pamisika ya ziboliboli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi m'mbali mwa nyanja. Kumeneko anthu ambiri amayala chithunzi chimodzimodzi cha mlambe, cha bwato dzuwa likulowa, kapena cha amayi atasenza mitsuko, ndipo ena amapaka polishi wa nsapato pamtengo wamba kuti ude ngati mphingo. Wogula akaona kuti katundu ndi wofanana amangofunsa wotchipa, amanenerera mpaka mtengo kugwa, ndipo amachoka osafunsa n'komwe dzina la wojambula, zimene zimamvetsa chisoni chifukwa ambiri mwa ojambulawo ali ndi manja aluso kwambiri.

Mbewu ndi ntchito imene waluso amaipanga popanda womutuma, yochokera m'zimene iye yekha waona ndi kuzisinkhasinkha, ndipo imeneyi ndiyo imamanga dzina. Samson Kambalu, amene anabadwa mu 1975 ndipo anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, anatenga chithunzi cha mu 1914 choonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, n'kupanga chiboliboli chotchedwa Antelope chimene chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London mu 2022. Chimene chinamufikitsa kumeneko ndi mbiri ya kwawo imene anaiwerenga mozama, choncho mdzukulu asaganize kuti nkhani zoyenera kujambula zili kutali. Apite ku Mua m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, akakhale pansi pafupi ndi osema ndi kuona mmene amagwirira sompho, ndipo akafikenso kumapanga a Chongoni, amene zojambula zake zamakedzana bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006.

Mbali ya malonda nayo isanyozedwe. Ntchito iliyonse ijambulidwe bwino ndi foni isanachoke m'manja, ndipo dzina lake, chaka, kukula kwake, wogula ndi mtengo zilembedwe m'kope, chifukwa zimenezi zikaunjikana zimapanga potifoliyo, kutanthauza mndandanda wa ntchito umene waluso amaonetsa akamapempha malo pachionetsero. Mtengo uwerengere zipangizo ndi masiku ogwira ntchito, ndipo wopereka oda ayambe walipira gawo lina ntchito isanayambe, ngakhale akhale wachibale. Galare, yomwe ndi nyumba yoonetsera ndi kugulitsira zaluso, imatengapo gawo lake pa chilichonse chogulidwa, motero gawolo lilembedwe papepala katundu asanasiyidwe.

Chofunikanso ndi umwini wa luso, womwe ndi ufulu wa waluso wololeza kapena kukaniza ena kuchulukitsa ntchito yake. Munthu wogula chithunzi sakhala kuti wagulanso ufulu wochisindikiza pamakalendala kapena pamalaya, pokhapokha atagwirizana motero ndi mwini luso, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo loyenera kufunsidwa pankhani zotere.

Mdzukulu akamadzabwera kumudzi pa Khirisimasi, adzabwere ndi kope lija pamodzi ndi zojambula zitatu zimene sanatumidwe ndi munthu aliyense, kuti agogo ake adzazione ndi maso awo.

Agogo