Masamu a udzudzu

Pepani ndakhala chete. Teremu ino yandipanikiza, koma pali nkhani ina imene yakhala ikundisowetsa tulo, ndiye ndati ndikuuzeni.

Sabata yatha, mtsikana wina wa m'kalasi yanga ya masamu kuno ku Baltimore anatsalira anzake atatuluka. Ndi mwana wachikuda wobadwira konkuno, wanzeru, ndipo biology amaikonda kwabasi. Anati, "Aphunzitsi, chaka chamawa calculus sindidzatenga. Ine ndikufuna za matenda, osati za mainjiniya. Komanso m'kalasi imene ija mulibe anthu ngati ine."

Mtima wanga unagunda, chifukwa mawu oyambawo ndinawazindikira. Anali anga. Zaka zambiri zapitazo, ndikuphunzitsa pa sekondale ina kumudzi, mtsikana wa Fomu 3 anandifunsa ngati angatenge Additional Maths. Ndinamuyankha kuti, "Iwe ukufuna za chipatala, usadzivutitse. Amenewa ndi a anyamata ofuna uinjiniya." Ndinkaona ngati ndikumupeputsira katundu. Anamvera, poti aphunzitsi anena. Sindinadziwe kuti ndikumutsekera khomo.

Khomo lake ndi ili. Mu 1897, dokotala wina wa ku Britain, Ronald Ross, ali ku India, anapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Izi tonse timaphunzitsa. Chimene sitiphunzitsa n'chakuti pambuyo pake bamboyu anakhala pansi n'kuyamba kuwerengera. Anasonyeza ndi masamu kuti pofuna kuthetsa malungo pamalo sipafunika kupha udzudzu wonse ayi. Ukangochepa kufika pa mlingo wina wake, matendawo amazilala okha, chifukwa wodwala mmodzi sakwanitsanso kupatsira munthu wina ngakhale mmodzi. Ganizo lomweli ndi limene limagwira ntchito pa katemera. Ngati wodwala mmodzi amapatsira anthu 4, mukateteza atatu mwa anayi aliwonse, matenda sapita patali. Masamu amenewa mwana wa Fomu 2 akhoza kuwamva. Ndi mbali ya phunziro limene ku yunivesite amalitcha mathematical biology, ndipo nthawi ya Covid-19 maboma ankadalira anthu a phunziro limeneli posankha zochita.

Vuto n'lakuti kuno ku America, ana achikuda, ana a mabanja olankhula Chisipanishi ndi ana a mbadwa zoyambirira za dziko lino safika ambiri m'maphunziro otere, chonsecho mabanja awo ndi amene anavutika kwambiri ndi mliri uja. Ena amati anawa alibe mutu wa masamu. Bodza limeneli linatsutsidwa kalekale.

M'zaka za m'ma 1970, Uri Treisman wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anafuna kudziwa chifukwa chake ophunzira achikuda ankalephera calculus pamene anzawo achitchaina ankakhoza. Sanangoganizira ali mu ofesi. Anawatsatira n'kuona mmene amawerengera. Anapeza kuti achikudawo ankalimbikira ndithu, koma aliyense payekha, atadzitsekera m'chipinda. Achitchaina ankawerenga paokha kenako madzulo n'kukumana, kudya limodzi, kufunsana ndi kukonzerana zolakwa. Mutu umodzi susenza denga. Treisman anayambitsa magulu owerengera limodzi, ndipo sanawapatse masamu ofewa ngati ana obwerera m'mbuyo. Anawapatsa ovuta kuposa a m'kalasi. Ana aja anayamba kukhoza.

Pafupi ndi pano pali yunivesite ya UMBC. Mu 1988, Freeman Hrabowski, katswiri wa masamu amene anamangidwapo ali ndi zaka 12 pa zionetsero za ana ku Birmingham mu 1963, anayambitsa Meyerhoff Scholars Program ndi thandizo la Robert ndi Jane Meyerhoff. Gulu loyamba linali la anyamata achikuda 19. Atsikana analowa chaka chotsatira, ndipo mu 1996 anatsegulira mitundu yonse. Ophunzira amabwera masabata 6 sukulu isanatsegulidwe, amawerenga m'magulu, ndipo amalowa mu labu kukachita kafukufuku akadali ongoyamba. Kizzmekia Corbett, mmodzi mwa asayansi amene anapanga katemera wa Covid-19 wa Moderna, anadutsa m'menemo.

Mu 1996 momwemo, ku Cornell kunayambika Mathematical and Theoretical Biology Institute, imene pambuyo pake inasamukira ku Arizona State University. Chimene chinandigwira mtima pa sukulu ya tchuthi imeneyi n'chakuti ophunzira ankasankha okha funso loti afufuze. Mwana akapatsidwa ufulu wotere amasankha chimene chikuvutitsa kwawo, ndipo masamu amasiya kukhala chilango.

Zinthu sizinaphweke. Mu June 2023, khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti mayunivesite asamayang'anenso mtundu wa munthu posankha ophunzira. Mikangano yake ndi yaitali, ine sindine loya. Chimene ndikuona n'chakuti udindo wa ife a ku sekondale wakula. Mwana akathawa calculus ali ndi zaka 16, palibe yunivesite imene ingamubweze. Amatayika m'manja mwathu, nthawi zina ndi mawu achifundo ngati anga aja.

Tsono mtsikana uja sindinamulalikire. Ndinatenga choko n'kumufunsa, "Wodwala mmodzi akamapatsira anthu awiri sabata iliyonse, pakatha masabata 10 odwala atsopano adzakhala angati?" Anawerengera n'kupeza 1,024. Ndinamufunsanso chifukwa chake mliri weniweni supitirira kuwirikiza choncho mpaka kalekale. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti anthu oti adwale amayamba kutha. Ndinamuuza kuti chimene wanenacho ndi chimene Kermack ndi McKendrick analemba mu 1927, ndipo kuti pochilemba bwino pamafunika calculus. Anangoti duu. Sanandilonjeze kanthu, koma Lachisanu anabwera ndi anzake awiri. Tagwirizana ndi mphunzitsi wa biology kuti tizikumana nawo kamodzi pa sabata.

Aphunzitsi anzanga kumudziko, inu udzudzu simusowa, ndipo Malawi ndiye anali woyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana mu 2019. Zitsanzo zili pakhomo. Wa masamu ndi wa biology, muzikhalako pa tebulo limodzi mu staff room. Musamagawe ana kuti awa ndi a manambala, awa ndi oloweza mayina a mafupa.

Ndipo iwe mwana wanga wa Fomu 3 uja, ngati ukuwerenga izi, ukudzidziwa. Ndinalakwa. Ukanatha.