Pepala la dokotala siliyenda lokha kufika mu komboni

Ku mayunivesiti ali ndi njira yao yopimira ngati kafukufuku wa munthu ali ndi mphamvu. Amawerenga mapepala amene walemba m'magazini a akatswiri, kenaka amawerenga kuti ndi akatswiri angati amene atchula mapepalawo polemba ao. Nambala ikakula, munthu amakwezedwa pa nchito ndipo amaitanidwa ku misonkhano kunja kwa dziko. Ife a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George tili ndi funso lina: kodi zimene zalembedwazo zafika pa khomo pamene pali wodwala?

Tikukamba za chithandizo chimene achipatala amachitcha rehabilitation, chothandiza munthu kuti ayambenso kuyenda, kugwira, kukamba ndi kudzisamalira. Ambiri timangoti physio. Ndi chimene amafunikira ambuya amene stroke yawaumitsa mbali imodzi, mnyamata wothyoka msana pa ngozi ya minibasi, kapena mwana wa zaka zitatu amene khosi lake likali losalimba. Mu 2020 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku woonetsa kuti anthu 2.4 biliyoni, kapena munthu mmodzi pa atatu alionse pa dziko lapansi, ali ndi vuto limene chithandizo chotere chingathandize. Kuno kwathu, kafukufuku wa Boma wa 2015 anapeza kuti pa Azambia 100 alionse, pafupifupi 8 ali ndi ulemala. Manambala amenewa sakutidabwitsa. Mu komboni nyumba n'zogundana, ndipo tonse timadziwa khomo limene lili ndi mwana wosatuluka panja.

Pali nkhani imodzi imene imaonetsa bwino mmene nzeru za m'mapepala zimayendera, ndi mmene zimagonera pa njira. Ndi ya mapazi opindika, amene achipatala amati clubfoot. Pafupifupi mwana mmodzi pa 1,000 alionse amabadwa phazi litapindikira mkati. Akapanda kuthandizidwa, amakula akuponda ndi mbali ya phazi, nsapato siimulowa, ndipo kufika ku sukulu kumakhala nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Amai ake nao amamva zambiri: mwina anawalodza, mwina analakwira mwambo ali ndi pakati. Zonsezo si zoona.

Dokotala wina wobadwira ku Spain, Ignacio Ponseti, amene anali kugwira nchito ku yunivesiti ya Iowa ku America, anaona kuti ana ochitidwa opaleshoni yaikulu amakula ndi mapazi ouma ndi owawa. Anayamba njira ina. Phazi la khanda ndi lofewa, ndiye amaliwongola pang'onopang'ono ndi manja, n'kulimanga pulasitala, ija timaitcha POP. Sabata iliyonse amachotsa, kuwongolanso pang'ono, n'kumanga ina, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ana ambiri amafunika kudulidwa pang'ono chabe mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene. Zikatha izi mwana amavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, kenaka pogona chabe mpaka zaka zinayi kapena zisanu.

Ponseti anasindikiza zotsatira zake mu 1963. Pepala linalipo, umboni unalipo, koma madokotala ambiri anapitiriza ndi mpeni kwa zaka zopitirira 30. Zinthu zinayamba kusintha atatulutsa buku mu 1996, ndipo amene anathandiza maningi kufalitsa njirayi anali makolo. Intaneti itayamba kufala, makolo a ana opindika mapazi anayamba kuuzana okhaokha kuti kuli njira yosafuna opaleshoni yaikulu, n'kumapita kwa madokotala ao kukaifunsa.

Ku Africa njirayi inazika mizu chifukwa anthu anaikonza kuti igwirizane ndi moyo wa kuno. Ku Uganda, kuyambira cha mu 1999, madokotala Shafique Pirani ndi Norgrove Penny anayamba kuiphunzitsa kwa ogwira nchito za chipatala amene si madokotala a opaleshoni. Komweko Michiel Steenbeek anapanga nsapato za kachitsulo zimene amisiri angasoke ndi zipangizo zopezeka pafupi, pa mtengo wotsika. Anansi athu ku Malawi anasindikiza kafukufuku mu 2005 woonetsa kuti ma clinical officer a mafupa akhoza kuwongola mapazi bwino ndi njirayi. Mu 2006 chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa muno mu Lusaka, ndipo mapazi opindika ndi amodzi mwa mavuto amene amathandiza. Kuchoka 1963 kufika 2006 ndi zaka 43. Taganizani ana onse amene anabadwa pakati pa zaka zimenezo.

Ngakhale lero ulendo wa pepala lija sunathe. Njira ya Ponseti imafuna kuti mwana abwere ku chipatala sabata ndi sabata, ndipo nsapato zija zikasiyidwa msanga phazi limabwerera. Amai amene amagulitsa tomato pa msika wa Soweto akapita ku chipatala ndiye kuti tsiku limenelo sanagulitse, koma ya minibasi yatuluka, popita ndi pobwera. Khanda likalira usiku, ambuya amati "Mumasuleni mwana, mukumuzunza." Apa ndi pamene kafukufuku amapambana kapena kulephera, m'chipinda chimodzi cha lendi, usiku, pamene palibe dokotala. Amai akamvetsa chifukwa chake nsapato zija siziyenera kuvulidwa, amalimba mtima. Akangouzidwa kuti "muzimuveka" osafotokozeredwa, amatopa.

Zambia nayo ili ndi anthu ake amene akulemba. Ophunzira za physio amachokera ku Evelyn Hone College ndi ku UNZA, ndipo pali magazini monga Medical Journal of Zambia ndi African Journal of Disability kumene zotsatira zimatuluka. A Margaret Mweshi a ku UNZA pamodzi ndi anzao anapanga Zambia Spina Bifida Functional Measure, njira yopimira zimene mwana wobadwa ndi msana wosatsekeka bwino angathe kuchita yekha. Kupanga muyeso wa kuno n'kofunika, chifukwa mafunso olembedwa ku Ulaya amaganizira mwana wokhala m'nyumba ya masitepe ndi bafa la mkati. Mwana wa ku Kanyama amasambira m'beseni, chimbudzi chili panja, ndipo nthawi ya mvula madzi amadzaza njira yonse. Ukamupima ndi mafunso a kwina, upeza yankho la kwina.

Palinso nzeru zimene zinayambira m'manja zisanalowe m'mabuku. Ku UTH kuli gulu la APTERS limene limapanga mipando ndi zoimiritsira ana amene ubongo wao unavulala pobadwa kapena ali aang'ono, pogwiritsa nchito makatoni ndi mapepala akale omatidwa pamodzi. Luso limeneli linayambira ku Zimbabwe ndi Bevill Packer. Mpando wa katoni umathandiza mwana kukhala tsonga, kudya bwino osatsamwa, ndi kuona anzake akusewera m'malo mogona chagada tsiku lonse. Ku Kanyama, Chawama ndi Misisi kunachitikanso pulogalamu ya Kusamala+, ya bungwe la CMMB ndi St. Catherine University, imene inaphunzitsa anthu a mu komboni momwemo kuyendera mabanja a ana olumala ndi kukamba ndi anthu za tsankho. Ofufuza analemba mapepala pa nchitoyi, koma ogogoda pa makomo anali anansi athu.

Tili ndi pempho kwa ofufuza onse amene amabwera mu komboni ndi mafomu. Takhala tikuwalandira, kuwapatsa mpando, kuyankha mafunso a ola lathunthu okhudza ndalama zathu, matenda athu ndi misozi yathu. Kawirikawiri akapita sitimvanso kanthu. Zotsatira zimatuluka m'Chizungu chovuta, nthawi zina m'magazini ofuna kulipira madola kuti uwerenge. Sitikupempha zambiri. Bwereraniko tsiku limodzi ku kiliniki, ku tchalitchi kapena pa wailesi, mutiuze m'Chinyanja ndi m'Chibemba zimene munapeza ndi zimene tingachite nazo. Ndipo musanayambe kafukufuku wina, tifunseni mafunso amene ife tili nao. Kodi njinga ya olumala iti ingapirire matope a ku Kanyama? Kodi mtsikana amene wasiya sukulu kuti asamale atate ake a stroke angaphunzitsidwe chiyani kuti asathyoke msana powanyamula? Kodi physio itamachitikira pafupi, m'zipatala za Matero, Chawama ndi Kanyama komanso m'makomo, ndi angati amene angasiye kujomba? Boma linakhazikitsa lamulo la anthu olumala mu 2012, ndipo mu 2023 maiko a mu WHO anagwirizana kulimbikitsa chithandizo chimenechi. Mapepala amenewonso akudikira wowafikitsa pansi.

Koma tisaloze chala kwa ena chabe. Ife achinyamata ndife amene tili ndi mafoni, ndife timagula ma bundles, ndife tinaphunzira Chizungu mpaka Grade 12. Makolo aja amene anafalitsa njira ya Ponseti analibe madigiri a udokotala. Anawerenga, anafunsa, anauzana. Nafenso tingathe. Mwana akabadwa ndi phazi lopindika pa line pathu, tiuze makolo ake kuti zimawongoleka, ndipo kuyamba msanga, m'masabata oyamba, ndiye bwino. Tiwaperekeze ku kiliniki kuti akawatumize koyenera. Ambuya akatuluka m'chipatala pambuyo pa stroke, tipite nao ku physio, timvetsere bwino, tifunse pamene sitinamve, kuti kunyumba tikachite zimene taonetsedwa osati zongomva pa TikTok. Wina akayamba kukamba za ufiti, timuyankhe mwaulemu ndi zimene tikudziwa.

Ndipo kwa inu amene muli ku Ridgeway kapena ku Evelyn Hone, amene munakulira m'makomboni omwe ano, nthawi yosankha mutu wa kafukufuku wanu ikafika, kumbukirani khomo lija la mwana wosatuluka panja. Njira yofikira kumeneko mukuidziwa kale.