Njira ya ku guwa inali yaitali ku Lifuwu

Kalekale ku Lifuwu munthu sankadzuka m'mawa ali msodzi n'kukagona madzulo ali m'busa. Kuchoka ku gombe kukafika pa guwa kunkadya zaka, ndipo mudzi wonse unkakuyang'ana mayendedwe.

Chikhristu chinalowa m'mbali mwa nyanja muno panjira ziwiri. Ina inatsika mapiri kuchokera ku Mvera, kumene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a Dutch Reformed Church anakhazikitsa mishoni mu 1889. Ina inadzera pamadzi, ndi a UMCA, amene lero timati a Anglican, omwe sitima yawo ya Chauncy Maples inayamba kuyendera madooko mu 1901. Onsewa anapeza Chisilamu chitazika kale mizu pakati pa Ayao a m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Choncho Mkhristu wa kuno sankapemphera payekha kuseri. Mnansi wake wopita kumzikiti ankamuona, ndipo ankadziwa bwino lomwe zimene chipembedzo cha mnzakeyo chimaletsa.

Amene tinakulira mu CCAP ya Sinodi ya Nkhoma timakumbukira kalasi. Ukati wafuna kulowa mpingo, ankakulemba dzina n'kukukhazika pansi pa mtengo kapena pa mabenchi adothi, Buku la Katekisma lili m'manja. Unkaloweza mafunso ndi mayankho, chaka n'kutha, china n'kuyamba. Ambiri anaphunzirira kuwerenga momwemo, chala chikutsata mizere ya Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922. Koma mayeso enieni sanali a m'buku. Tsiku loonekera pamaso pa akulu a mpingo, iwo ankakhala atafufuza kale. Kodi ngongole ya ukonde ija anabweza? Kachasu anasiyadi, kapena amangomwera kutali? Nanga chithumwa chomwe amamangirira ku chilimira kuti usipa ulowe, anachichotsa?

Funso lopweteka koposa linali la tsiku la Mulungu. Taganizirani mwera utaomba sabata yonse mu Julaye, mabwato ali pamtunda, m'nyumba mulibe ndiwo, kenako nyanja n'kudzachita bata Loweruka usiku kucha Lamulungu. Anzako akukankhira bwato m'madzi, nyali zayaka, iwe uli wakalasi. Pamenepo m'pamene chikhulupiriro chinkapimidwa, ndipo mboni zake zinali ana ako anjala ndi asodzi anzako okuseka.

Wobatizidwa sankathamangira kulalika. Ankayamba n'kusesa m'tchalitchi, kuimba belu, kuyambitsa nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu, kuphunzitsa Sande sukulu. Akaoneka wokhulupirika pa ndalama ankamusankha utumiki, kuti azisonkhetsa zopereka ndi mpunga wa masika. Pambuyo pake ukulu wa mpingo: kuyendera odwala, kuyanjanitsa mabanja, kuyendetsa mwambo wa maliro abusa akakhala kutali, pakuti m'busa mmodzi ankasamala midzi yambiri pa njinga yakapalasa ndipo Mgonero unkabwera patalipatali. Zinali ngati mpunga wa pa sikimu yathu: mbande imakhala kaye pa nazale, ndipo woiwokera isanakhwime amadzailira yekha. Ochepa okha ndiwo ankafika ku sukulu ya ubusa ku Nkhoma. Mishoni ya Dutch Reformed ija nayo sinkafulumira. Abusa ake oyamba achikuda, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, anadzozedwa mu 1925, patatha zaka 36 chiyambire ntchito ku Mvera. Kuchedwa kumeneko sikunali kusamala kokha. Munalinso kukayikira munthu wakuda, ndipo tisamakometse.

Zowawa zina zinalipo. Mtsikana akatenga pathupi ankadulidwa mu mpingo dzina lake litawerengedwa pagulu, pamene mnyamata wake wathawira ku dooko lina. Amayi, ngakhale anali ochuluka m'tchalitchi ndipo Chigwirizano chawo chinayamba mu 1940, ku guwa sankaponda. Ndipo panali agogo oloweza katekisma yense amene ukawafunsa ngati anapulumuka ankangoti, "Adziwa ndi Mwini wake." Ena amati kumeneko kunali kudzichepetsa. Ine ndimaona kuti mwa ena munali mantha osatha.

Mphepo inasintha m'ma 1970, pamene chitsitsimutso cha kubadwanso mwatsopano chinayaka ku Blantyre. Ana a sekondale a m'bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM ankabwera ku tchuthi n'kumafunsa makolo awo, akulu a mpingo enieni, kuti, "Bambo, munalandira Yesu liti?" M'nyumba zambiri nsima inazizira ndi funso limeneli. Mipingo yatsopano inabadwa, monga Living Waters ya Stanley Ndovie mu 1985, ndipo ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 aliyense anapeza mpata woyambitsa utumiki wake.

Lero msonkhano wa chitsitsimutso umachitikira pamchenga pomwepo, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Jenereta ikulira, zimkuzamawu zikumveka mpaka kwa asodzi ali pakati pa nyanja ndi mababu awo a batire, amene analowa m'malo mwa nyali za palafini. Mlaliki akaitana, mnyamata amakweza dzanja, amatsatira pemphero, ndipo usiku womwewo amauzidwa kuti wapulumuka. Sindinyoza zimenezi. Alipo anyamata a pagombe amene kalasi ya zaka ziwiri sakanaipirira, koma anasiya chamba ndi mowa chifukwa cha usiku umodzi wotere, ndipo mpaka lero ali chiimire. Amayi akulalika, achinyamata akuchitira umboni osayembekeza imvi, ndipo munthu amatha kunena ndi pakamwa pake kuti machimo ake anakhululukidwa.

Chimene chinafupika mopitirira ndi njira ya ku guwa ija. Mnyamata amapita ku Johannesburg kukagwira maganyu, pobwera ali ndi suti yonyezimira ndi udindo wa mneneri kapena mtumwi. Ukafunsa amene anamudzoza, yankho limakhala loto. Maulaliki amawatenga pa WhatsApp ndi pa kanema, pamodzi ndi kafuulidwe komwe. Palibe bwalo limene linamufunsapo za ngongole. Ndipo msodzi amene kale ankapita kwa sing'anga kuti akhwimitse ukonde, tsopano amagula kabotolo ka madzi odzozedwa n'kuwaza pa ukonde womwewo. Akulu akale aja akanamufunsa kuti chasintha n'chiyani kupatula wolandira ndalama.

Sukulu za ubusa zilipo ndithu: Josophat Mwale ku Nkhoma, ya ku Zomba yomwe inatsegulidwa mu 1977, ya Baptist ku Lilongwe, ndi zina za mipingo ya chipentekoste. Vuto ndi fizi ndi banja lotsala kumudzi. Wachinyamata woona mtima, womva maitanidwe, amawerengera matumba a mpunga amene angakolole n'kuona kuti sakwana ngakhale chaka chimodzi. Ambiri a iwo si onyenga ayi. Amalalikira m'katchalitchi kofolera udzu kapena m'kalasi ya pulaimale yobwereka, Lolemba n'kubwerera ku munda kapena ku nyanja, chifukwa miyezi ya mwera mbale ya chopereka imabwera ndi makobidi osakwana ngakhale sopo.