Nthanda Yopala pa Pepala

Pa zithunzi zonse zopenta ndi utoto wamadzi, cimene cimandisowetsa mtendere ndi The Blue Rigi. Anacipenta mu 1842 ndi J.M.W. Turner wa ku England. Phiri la Rigi, la ku Switzerland, laima m'nkhungu ya mbandakuca, nyanja ya Lucerne ili bata pansi pake, kumwamba kuli nthanda. Nthandayo si utoto ayi. Turner anangopala pamalopo mpaka kuyera kwa pepala kunaonekera.

Mu 2006 cithunzici cinagulitsidwa ku Christie's mu London pa mapaundi 5.8 miliyoni. Boma la Britain linayamba laletsa kuti cisatuluke m'dziko, anthu wamba anasonkhako ndalama, ndipo mu 2007 cinalowa m'manja mwa nyumba ya zithunzi ya Tate.

Kodi olemera amafunanji pa pepala lopyapyala conco? Ine ndimapentako ndi tumautoto twa ana a sukulu, ndiye yankho ndimalimva m'zala. Utoto wamadzi sucedwa kuuma, ndipo subisa colakwa. Ukaupaka kwambiri, nyanja imasanduka matope. Wogula amalipirira dzanja limene linadziwa poyenera kulekera.

Koma cuma cimeneci cili ndi msampha wake: kuwala kumafwifwitsa utoto wamadzi. Henry Vaughan, amene anasonkhanitsa zithunzi zambiri za Turner, atamwalira anasiyira zina nyumba za zithunzi za ku Edinburgh ndi Dublin. Analamula kuti azizionetsa mu Januwale cabe, dzuwa likakhala lofooka. Tangoganizani, anzanga: cithunzi ca kuwala, koma miyezi 11 cili mumdima!

Apa m'pamene ndimasiya kuwasilira. Kwathu ku komboni kulibe phiri, kulibe nyanja. Koma mvula ikagwa usiku, m'mawa zithaphwi za mumsewu zimanyamula thambo lonse, pamodzi ndi malata ndi mawaya a magetsi. Ndimakhala pakhomo ndi pepala, kuthamangitsana nazo minibasi isanazivundule. Anzanga amaseka, amati ndipite ndikapente zikwangwani za mabala, kumeneko ndiye kuli ndalama. Sakunama, lendi siyembekezera munthu. Zikwangwanizo mwina ndidzapenta masana. Koma m'mawa ndi wanga, ndipo ndikali kuphunzira cinthu cimodzi covuta: kusiya malo oyera pa pepala, kuti kuwala kupeze pokhala.