Mbewa ya mu situdiyo yathu

Kwa ife a kum'mawa, mbewa ndi ndiwo. Acimbuya athu Abemba amatiseka nazo tsiku lililonse, ife n'kuwabwezela za anyani. Ndiye pa miting'i ya odzipeleka pa wailesi, titanena kuti tisonkhe ndalama zogulila mbewa yabwino, cipinda conse cinafa nako kuseka. Wina anafunsa ngati tifuna yowamba kapena yophika. Koma tinali kunena mausi, kanthu kaja kokhala pambali pa kompyuta, ndipo nkhaniyo inali itafika kale ku cipatala.

Anthu akamva pulogalamu ya mphindi 30 amaganiza kuti tinangoyatsa maikolofoni n'kuyamba kukamba. Nchito yeniyeni imacitika pambuyo. Tikabwelako ku Chanyanya kokamba ndi asodzi, kapena ku msika kokamba ndi azimayi ogulitsa tomato, timabwela ndi mau a ola lathunthu odzaza ndi cifuwa, "eee", tambala, ndi hutala ya malole a mu msewu wa ku Livingstone. Zonsezo tifunika kuzidula pa Audacity. Kudula kumodzi ndiko kudiniza batani, kukoka, kusiya, kenako kufafaniza. Pa pulogalamu imodzi dzanja limacita zimenezi mobweleza-bweleza mpaka kuiwala kuwelenga.

Kale tinali kugawa nchito imeneyi mlungu wonse. Caka ca 2024 cinasokoneza zonse. Mvula inakana, boma linalengeza mu February kuti cilala ndi tsoka la dziko, madzi ku Kariba anatsika, malaiti n'kuyamba kusowa maola ambili patsiku. Zinali kuwawa kuganiza kuti Kafue Gorge ili pafupi nafe pompano, koma ife tikhala mu mdima monga wina aliyense. Malaiti akabwela pakati pa usiku, nchito ya masiku atatu tinali kuipanikiza m'maola ocepa, osanyamuka pampando, poopa kuti angapitenso.

Mlongo wathu wina, amene amadula mau mofulumila kuposa tonse, ndiye anayamba kudandaula. Cala cacikulu, ca mkombaphala ndi capakati zinali kucita dzanzi, maka-maka usiku. Tinamuuza kuti ni kutopa cabe. Tsiku lina anatiuza kuti walephela kuvundula nsima ndipo mwana wake ndiye anagwila mthiko. Ku cipatala anamufotokozela kuti polumikizila dzanja ndi mkono pali kanjila kopapatiza komwe mumadutsa mtsempha wopita ku zala zimenezo. Malowo akatupa, mtsempha umapanikizika. Azungu amati carpal tunnel syndrome. Anamuuza kuti apumitse dzanja ndi kulimanga usiku kuti lisapindike. Kucapa zovala ndi kutunga madzi nakonso kumalemetsa dzanja, tidziwa, koma ife tinadziona olakwa, cifukwa mausi imene tinamupatsa inali kang'ono-ng'ono, kaphwatalala, kogwila motsina ndi nsonga za zala.

Mausi za mtundu umenewo tinali titagula zitatu m'caka cimodzi, cifukwa n'zochipa. Zonse zinafa imfa imodzi. Pansi pa batani pali kaswichi kokhala ndi kacitsulo kopyapyala. Kakatopa kapena kulowa fumbi, kamayamba kudumpha-dumpha: udiniza kamodzi, kompyuta imva kawili. Kwa wolemba kalata, zimenezi zimangokwiyitsa. Kwa ife n'zoopsa, cifukwa uli mkati mokoka cigawo ca mau, mausi imasiya yokha, iwe n'kufafaniza malo olakwika. Usiku wina tinadula liu lakuti "musa" pa cilengezo ca zaumoyo. Cikanatuluka conco, tikanauza anthu kuti amwe madzi osawilitsa. Tinacigwila pomvetsela komaliza, mwamwai.

Amene anabweletsa nzelu ni mnyamata wa ku Shikoswe amene amabwela kudzathandiza pa pulogalamu ya acinyamata. Iye ni wamagemu a pa kompyuta, aja oombelana mfuti. Anati tigule mausi ya magemu. Akulu-akulu tinakana. Tinali kuziona m'mashopu, zoyaka nyale zofiila ndi zobiliwila monga minibasi ya pa ukwati, ndipo tinati ndalama za wailesi si zogulila zidole. Mnyamatayo sanakwiye. Anangofunsa kuti, "Ba mdala, ndani adiniza kwambili, ine kapena imwe?" Tinasowa yankho. Osewela magemu ndi odula mau amapha mausi mofanana, kungoti makampani amapangila osewela magemu zolimba cifukwa ndiwo amalipila. Pa bokosi amalembapo kuti maswichi ake, nthawi zambili a kampani ya ku Japan ya Omron, angapilile kudinizidwa maulendo 20 miliyoni kapena 50 miliyoni. Manambalawo amawapeza poyesa ndi makina m'cipinda copanda fumbi la mu September la kuno ku Kafue, ndiye sitinawakhulupilile onse. Koma anatiuzako kanthu.

Cimene cinatitembenuza mtima kwenikweni ni nkhani ya kagwilidwe. Anatiika pa thebulo mmodzi-mmodzi n'kutionetsa kuti ena amagoneka cikhatho conse pa mausi, ena amapinda zala monga nkhanu, ena amagwila ndi nsonga cabe. Wogoneka cikhatho afunika mausi yamsana wokwela, yodzaza m'dzanja. Ukamupatsa yaing'ono, dzanja limakhala lokungika tsiku lonse. Tinakumbuka mmene atate athu anali kusankhila mpini wa khasu. Sanali kufunsa mtengo poyamba. Anali kuugwila, kuuyesa kulemela, kuuzunguza, ndipo mwana anali kumusemela wake-wake. Mausi yoyamba nayonso inali yathabwa. Douglas Engelbart ndi Bill English anaipanga ku California m'ma 1960, kabokosi kokhala ndi batani imodzi, kenako n'kuonetsa mausi ina yokonzedwanso kwa anthu ku San Francisco mu 1968. Kalipentala wa ku Zambia Compound akanatha kupanga cikombole cake.

Tinakwela minibasi kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 40, tili atatu: wa dzanja lalikulu, wa laling'ono, ndi mnyamata uja. Tinatenga lula, titapima kale manja a onse kucokela pamfundo mpaka kunsonga ya cala capakati. Ogulitsa ambili anali kutikopa ndi DPI, nambala yoonetsa kuti kamuvi ka pa sikilini kathamanga motani ukasuntha mausi pang'ono. Wina anati yake ifika 16,000. Mnyamatayo anangoseka, cifukwa pa nchito yathu 800 kapena 1,600 n'zokwana. Kupitilila apo kamuvi kamauluka, iwe n'kuumitsa dzanja pofuna kukagwila. Shopu ina inakana kutsegula bokosi, tinatuluka. Ina inatipatsa mausi ya dzina lochuka pa mtengo wokayikitsa, yopepuka monga cigoba ca nshawa, zilembo za pa bokosi zili zopotoka.

Tinayesako ndi zija zoimilila, zimene umagwila monga upatsa munthu moni. Logitech inatulutsa yake mu 2018, yopendekeka madigili 57. Mlongo wathu akanaikonda, koma mtengo unatithamangitsa. Zopanda nthambo tinazikana tokha: kucaja ndi malaiti ati, ndipo mabatile akatha pakati pa usiku agule ndani? Tinaonanso kulemela, pakuti zina zimapitilila magalamu 120 pomwe zina zili pafupi ndi 60. Tinasankha yapakati, yanthambo yolukidwa, yokhala ndi pogonela cala cacikulu ndi mabatani awili m'mbali.

Titafika ku situdiyo m'pamene tinazindikila colakwa cathu. Mmodzi wa ife ni wamanzele. Tinamupima dzanja, koma palibe anakumbuka kuti n'liti. Mausi yopangidwa motsatila dzanja lamanja siigwilika n'komwe ndi lamanzele. Sanakambe zambili, anangoigwila, n'kuiika pansi, n'kutiyang'ana. Mwezi wotsatila tinasonkhanso n'kumugulila ina yofanana mbali zonse, ndipo zonse ziwili zimakhala zolumikizidwa pa kompyuta imodzi.

Mabatani a m'mbali aja, amene tinali kuwayesa zokometsela, ndiwo anathandiza koposa. Imodzi tinaiika kuti izifafaniza, ina kuti izibweza ukalakwitsa, ndiye dzanja silithamangilanso ku kiibodi pa kudula kulikonse. Tinaikanso pilo pampando kuti cigongono cilingane ndi thebulo, ndipo tinagwilizana kuti munthu asadule mapulogalamu awili motsatizana, kaya malaiti apite. Lamulo limeneli timaliphwanya nthawi zina, sitinganame.

Mlongo wathu anakhala milungu ingapo akungowelenga nkhani pa maikolofoni. Tsopano wabwelela pa kompyuta, koma dzanzi limamubwelelabe akacita nchito yambili, ndipo usiku akali kumanga dzanja. Nyale za pa mausi tinazizimitsa tsiku loyamba lomwe, mnyamata wa ku Shikoswe akudandaula. Wotsiliza kutuluka mu situdiyo amaiphimba ndi kacidutswa ka citenge cifukwa ca fumbi, ndipo pa khoma pali pepala lolembedwa ndi maka: "Osadyela vitumbuwa pafupi ndi mbewa."